Mkamwini Bilimankhwe ndi Minga ya Nungu

Padangotero. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, amene mwabwera ndi tulo kagoneni kwanu.

Kudali dziko lina la nyama kumene mfumu yake idali Mvuu, ndipo ndalama za dzikolo zidali minga ya Nungu. Musaseke. Munga sufumbwa, suwola, ndipo padalibe nyama ina imene ikadatha kuupanga kuseri kwa nyumba. Nungu ndiye adali nduna ya chuma. Kamodzi pa chaka, chimanga chikauma, ankapita kubwalo la mfumu n'kudzigwedeza, minga yogwayo n'kulowa pamsika. Dengu la chimanga linkagulidwa ndi minga khumi, ndipo zidakhala choncho kuyambira nthawi ya makolo.

M'dzikomo mudali Bilimankhwe, amene adakwatira Nankhwali n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Adabereka ana awiri. Mwini mbumba pamudzipo adali Njiri, malume ake a Nankhwali, mlimi wa dzanja lolemera amene ankayesa aliyense ndi khasu. Njiri sankamufuna mkamwiniyu, ndipo tinene zoona, chifukwa adali nacho. Pa khasu Bilimankhwe adali wachabechabe. Anzake akamaliza ndime, iye amakhala akadali pamzere woyamba, mwendo uli m'mwamba, akuganiza poti auponde.

Tsiku lina atatha kukolola, Njiri adamuitana.

"Akamwini."

"Wawa, apongozi."

"Ine ndinkayembekeza manja, inu mwandibweretsera maso. Ndime yanu yatulutsa madengu atatu. Mwana wa mlongo wanga adya chiyani mvula ikagwa?"

"Adya, apongozi."

"Tamverani. Tsiku limene Nankhwali adzafike pakhomo panga ndi lichero kudzapempha chakudya, inu mudzapinda mphasa yanu. Mkazi ndi wathu, ana ndi athu. Mudabwera nokha, mudzapita nokha."

Bilimankhwe adawomba m'manja mwaulemu n'kubwerera kunyumba. Adachita mantha kwambiri, pakuti ana akewo ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti pachikamwini mawu a malume sabwerera.

"Mwamva zimene anena malume?" adafunsa Nankhwali.

"Ndamva."

"Ndiye muyamba kulima ngati amuna anzanu?"

"Ndikakuuzani choncho ndinama. Khasu lidandikana kalekale. Koma kulima ndi ntchito ina, kusunga ndi ntchito inanso. Ine chimanga sindidya, ndiye ndikhoza kuchiyang'ana popanda kumeza malovu."

M'mawa mwake adanyamuka kupita kumsika, akuimba kanyimbo kake. Kadali ka mizere iwiri yokha. Woyamba unkalangiza diso lakumanja kuti liziona mtengo wa chinthu, wachiwiri unkalangiza lakumanzere kuti liziona kumene chinthucho chikuchokera. Ankakaimba mochedwa, mogwirizana ndi mayendedwe ake, ndipo amayi a pamudzipo adakatola n'kumakonolera chimanga, akufa ndi phwete.

Nthawi imeneyo aliyense ankagulitsa chimanga n'kusunga minga. Nzeru yake idali yachidule: chimanga chimadyedwa ndi anankafumbwe, munga sudyedwa. Bilimankhwe adakwera panthambi ina pakati pa msika n'kukhalapo masiku atatu osagula kanthu. Masiku onse atatu adaona Nungu akupita kwa mfumu m'mawa, ndipo pobwerera msana wake udali woyera, ntchentche zili ng'waa. Tsiku lachinayi adatsika.

"Mwaswera bwanji, a nduna?"

"Chonchobe."

"Nanga msanawu? Mwameta maliro?"

"Maliro a kuti. Mfumu ikukwatitsa mwana wake. Ikufuna mowa, ikufuna nsalu, ikufuna oimba ng'oma a kutali. Kale ndinkadzigwedeza kamodzi pa chaka, tsopano ndi m'mawa uliwonse. Munga ukangotulutsa mutu, akuti gwedezani. Ndiye ntchentchezi zandipezerera."

"Ntchentchezo ndikhoza kukuchotserani."

"Mundilipiritsa zingati?"

Bilimankhwe adakwinya nkhope. "Ntchito yake ndi yonyansa, a nduna. Minga isanu pa tsiku."

Nungu adavomera msanga, poti minga ndiyo sinkamusowa. Kuyambira tsikulo Bilimankhwe ankakhala pamsana pa nduna, lilime lili ponye ponye, akudya nkhomaliro yake n'kumalandiranso malipiro chifukwa chodya. Koma munga ngakhale umodzi sudagone m'nyumba mwake. Akalandira masana, dzuwa lisanapendeke amakhala atagula chimanga. Ndipo kogula sankapita kutali.

"Apongozi, pamsika dengu ndi minga khumi. Ine ndikupatsani khumi ndi umodzi."

Njiri adamuyang'ana nthawi yaitali. "Ulesi wanu ndinkaudziwa. Uchitsiru ndauona lero. Bweretsani mingayo."

Adamugulitsa dengu lero, dengu mkuja, mpaka nkhokwe yake idatsala pang'ono kuonekera pansi. Mingayo adaiika mumtsuko, n'kumata pakamwa pake ndi dothi, n'kukwirira m'nyumba. Madzulo ankakhala pamalo pomwe adakwirirapo, mtima uli m'malo.

Ukwati wa mwana wa mfumu udatha sabata ziwiri. Utatha, minga idali paliponse. Woimba ng'oma adali nayo, wofulula mowa adali nayo, ngakhale ana ankasewera nayo panjira. Dengu la chimanga lidafika pa minga makumi awiri, kenako makumi asanu. Pofika miyezi ya njala, wogulitsa ankati ukatchula minga zana amangoyang'ana kumbali. Njiri adafukula mtsuko wake, n'kuusenza yekha kupita kumsika, n'kubwerako ndi madengu awiri.

Chaka chimenecho Nankhwali sadapite kwa malume ake ndi lichero. Amene adayenda ndi mkazi wa Njiri. Ankabwera kwa Nankhwali akuti adzapale moto, koma moto wake unkafuna lichero lobisa m'chitenje. Nankhwali ankamupatsa osanena kanthu, ndipo Njiri ankadya osafunsa kumene chachokera.

Chaka chotsatira mvula idagwa bwino, nkhokwe zonse zidadzaza tho. Dzuwa litayamba kutentha, pamsika padatera Adokowe ochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Chimanga sadachiyang'ane n'komwe. Ankafuna nandolo, ndipo ankalipira ndi mikanda. Lichero limodzi la nandolo, chingwe chimodzi cha mikanda. Tsono nandolo masiku amenewo adali mbewu ya amayi, yobzala m'mphepete mwa munda kuti ndiwo zisasowe. Amene adali naye adali ochepa, ndipo adalemera tsiku limodzi. Nankhwali adagulitsa malichero asanu.

"Tigule chiyani?" adafunsa mwamuna wake.

"Musagule kanthu. Ikani pabwino. Iyi Nungu sangaigwedeze."

Atatero Bilimankhwe adapita kwa mkulu wa Adokowe, amene ankamanga katundu.

"Zikomo, alendo. Kodi kwanu nandolo samera?"

"Amamera kuposa kuno."

"Nanga mwayendera chiyani mtunda wonsewu?"

"Chaka chino kwathu kunali chilala. Minda yonse inapsa."

"Pepani. Nanga mvula ikadzagwa?"

Dokowe adayang'ana kumwamba, adayang'ana katundu wake, n'kupitiriza kumanga. Bilimankhwe adathokoza ngati kuti wayankhidwa, n'kubwerera akuimba kanyimbo kake kaja ka maso awiri. Amayi ena pamtondo adakalandirabe, koma kuseka kudachepa.

Nthawi yobzala itakwana, Njiri adasonkhanitsa mbumba yonse. Chilonda cha mtsuko chidali chisanapole, ndipo adatsimikiza mtima kuti ulendo uno satsalira.

"Chaka chino chimanga ayi. Nkhokwe n'zodzaza, zitifikitsa. Munda uliwonse nandolo, kuyambira kumtunda mpaka kudambo."

Bilimankhwe adakhosomola. "Apongozi, bwanji theka nandolo, theka chimanga?"

"Munda ndi wa yani?"

"Wanu, apongozi."

"Ndiye mkamwini asamakule mwendo."

Midzi yoyandikana nayo idachita chimodzimodzi, poti kumene kwapita mnzako n'kubwerako ndi mikanda sufunsa njira kawiri. Dziko lonse lidasanduka nandolo. Bilimankhwe nayenso adabzala, mzere umodzi pa tsiku, ndipo Nankhwali adamalizitsa. Nandolo atayamba maluwa, awiriwo adapangana, mwamunayo n'kupita kwa Njiri akuyenda ngati wodwala, thupi lili mbuu.

"Apongozi, ndabwera ndi vuto. Kuthyola nandolo kumafuna zala. Zanga ndi izi, zomatana. Ndime ya mwana wa mlongo wanu idzangowonongeka. Bwanji mutenge nandolo yense ali m'mundamo, inu mutipatse chimanga cha m'nkhokwe?"

"Nandolo wa mikanda musinthe ndi chimanga chakale?"

"Ndi ulesi, apongozi. Mukuudziwa."

Njiri adakumbukira mtsuko, n'kukayikira pang'ono. Koma adapita kukaona ndimeyo, maluwa ali chikasu chokhachokha, n'kuyamba kuwerenga zingwe za mikanda m'mutu. Adapereka madengu makumi awiri. Usiwa wa nzeru si kusadziwa ayi, n'kudziwa kenako n'kuona maluwa.

Nandolo adacha, adauma, adapunthidwa. Pamsika padali milu yotalika kuposa Nungu ataima. Nyama zidadikira Adokowe sabata imodzi, ziwiri, zitatu, makosi atawawa n'kuyang'ana kumwamba. Pamapeto pake padatera Dokowe mmodzi yekha, wodutsa, wofuna madzi akumwa.

"Anzanu ali kuti?" adafunsa Njiri.

"Ali kwathu, akukolola. Mvula inagwa. Nandolo tili naye wotaya."

Adamwa madzi n'kuuluka. Kuyambira tsikulo nandolo ukamupereka ngakhale kwaulere amakuuza kuti kwathu aliko. Chimanga cha m'nkhokwe chidali chitatha, ndiye nyama zidayamba kudya nandolo m'mawa, nandolo masana, nandolo madzulo. Za mpweya wa m'midzimo sindinena. Chimanga chimene chidatsala m'nyumba za anthu chidali cha mbewu chokha, chija amachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzichiteteza. Nkhokwe yodzaza idali imodzi m'dera lonselo, ya Nankhwali, ndipo mvula idali itatsala miyezi iwiri.

Tsiku lina Nankhwali adabwera kuchokera kuchitsime nkhope itagwa. Adatula mtsuko n'kukhala pansi.

"Akazi a malume anditsina khutu. Malume akuti nkhokwe yomangidwa padothi la mbumba ndi ya mbumba. Mvula yoyamba ikagwa akuthamangitsani, nkhokweyo atsegule okha."

"Koma inu simunapite ndi lichero."

"Za lichero azisiya. Akuti mwawachititsa manyazi kawiri."

"Nanga akudikiriranji mvula?"

"Akuopa kuti akaitsegula lero, mbumba idya zonse nthawi yobzala isanakwane. Akufuna apezemo chakudya ndi mbewu yomwe."

Bilimankhwe zidamupweteka, chifukwa pangano adalisunga, ndipo adaona kuti ngakhale atadzaza nkhokwe khumi, pamudzi pamenepo adzakhalabe woyembekeza kupinda mphasa. Ana ankasewera pabwalo, osadziwa kanthu.

"Nankhwali, awa ndi abale anu. Inu mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna ana anga akule akuona bambo wawo. Koma abale anga asafe ndi njala. Zonse ziwiri."

"Sadzafa. Koma mikono yanu iwawa."

"Nenani."

"Tsiku lililonse muzitapa chimanga m'nkhokwe, muzikonola, mphaleyo muziibwezera momwemo. Mpaka chithe chonse. Ndiponso mundipatse mikanda ija."

Nankhwali adamuyang'ana, ndipo sadafunse chifukwa. Mkazi aliyense amadziwa chimene mtondo umachita ndi mtima wa chimanga. M'mawa mwake musi udayamba kulira pakhomo pake, ndipo udalira tsiku lonse. Ankakonola akuimba kanyimbo ka mwamuna wake, diso lina pamtengo, diso lina kochokera, koma iye ankakaimba mwachangu kuti kagwirizane ndi musi. Amayi anzake adaona kuti nyumba ya anthu anayi singadye mphale yochuluka chotero. Adayang'anana, n'kubwera ndi misi yawo kudzamuthandiza, poti gaga ankatenga ndi iwo. Njiri ankadutsa pomwepo kawiri pa tsiku. Kwa iye mtondo udali phokoso la akazi basi.

Kumsika zinthu zidali zitasintha. Palibe amene ankamusekanso Bilimankhwe. Akatsika panthambi, nyama zonse zinkamutsatira chapatali, Njiri ali patsogolo, akunamizira kuyang'ana zina. Akakhudza khasu, makasu amakwera mtengo tsiku lomwelo. Tsiku lina adangoima pafupi ndi mphika kuti apume, miphika yonse idagulidwa. Wina akadadandaula kuti sangagulenso kanthu motchipa. Iye adaona kuti gulu limeneli likhoza kumugwirira ntchito.

Kutsidya kwa mtsinje, kumudzi kwawo, kudali mayi ake, nkhalamba imene anthu a kumsikawo sankaidziwa. Adawatumizira zingwe zisanu zija, n'kuwauza kuti azimasule, mkanda uliwonse pawokha. Tsiku la msika nkhalambayo idafika ili yobiriwira, n'kuyala kansalu, n'kuikapo mikanda itatu. Bilimankhwe adafika ndi dengu la chimanga chosakonola, n'kulankhula mokweza kuti amve ndi a kumbuyo omwe.

"Agogo, mkanda umodzi mukuchita bwanji?"

"Minga sindilandira. Nandolo sindilandira. Chimanga basi."

"Dengu ili lonse, mkanda umodzi."

"Mwachepetsa, koma tengani."

Bilimankhwe adatenga mkandawo, adaubisa m'khwapa, n'kuchoka akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Msika wonse udati zii, kenako udawira. Ngati wa maso awiri wapereka dengu lonse nthawi ya njala, ndiye kuti waona chinachake. Ena ankati Adokowe akubwera kudzagulanso mikanda yawo. Ena ankati mfumu ithetsa minga, mikanda ndiyo ikhale ndalama. Palibe amene adamufunsa mwini wake, ndipo iye sadanene bodza ngakhale limodzi.

Pamsika wotsatira nkhalamba ija idabwera ili yofiirira, n'kukhala mbali ina. Wotsatirawo idabwera ili yotuwa. Nyama zinkati amalonda a mikanda alipo atatu ndipo onse akufuna chimanga, ndiye tifulumire isanathe. Chimanga choti n'kupereka padalibe china koma cha pamwamba pa moto chija. Woyamba kutsitsa adali Njiri. Adalowa nyumba ndi nyumba ya mbumba yake, akumasula mbewu kudenga.

"Achimwene, imeneyo ndi mbewu," adatero mlongo wake, mayi ake a Nankhwali.

"Mbewu tili nayo nkhokwe yathunthu. Khalani chete."

Midzi ina itaona kuti Njiri, mlimi wamkulu, watsitsa mbewu, nayonso idatsitsa. Ankati mikanda ikakwera adzagulanso mbewu kawiri kuchuluka kwake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Nkhalamba inkasenzetsa chimangacho, n'kuwoloka nacho mtsinje, n'kukachipachika kudenga kwake.

Mvula yoyamba idagwa masana ena, yamphamvu, nthaka n'kununkhira. M'mawa mwake Njiri adaitana mbumba ndi ankhoswe, n'kuyala mlandu. Adati mkamwiniyu ndi waulesi, ndi wamwano, ndiponso amadyera apongozi ake masuku pamutu. Ankhoswe adali ndi njala, ndipo maso awo adali pankhokwe. Mlandu sudachedwe.

Bilimankhwe adalowa m'nyumba n'kupinda mphasa. Mwana wamng'ono adamugwira mchira, akufunsa kuti akupita kuti ndipo abwera liti. Apa padalibe zochenjera. Adalira misozi yeniyeni, chifukwa nzeru ikhoza kulephera, ndipo ikadalephera anawo sakadawaonanso pakhomo pake. Nankhwali adaima pakhomo, manja atatupa ndi musi. Mwamunayo adasenza mphasa n'kulunjika kumtsinje, ndipo ulendo uno sadaimbe.

Asanafike n'komwe kumadzi, Njiri adali atakwera kale pankhokwe. Adasasula denga, adalowetsa mutu, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Mudali mphale yokhayokha, yoyera mbee, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Njiri adali mlimi, sadafune womuuza kuti mphale amadya, sabzala.

"Wakonola ndani chimanga chonsechi?"

"Miyezi iwiri mtondo ukulira pakhomo panu pomwe, achimwene," adatero mlongo wake. "Simunafunse."

Tsiku limenelo mbumba idadya n'kukhuta, koma Njiri sadadye nawo. Adathamangira kumsika ndi mikanda m'manja. Adapeza nyama zonse zili ndi mikanda m'manja, iliyonse ikufunsa inzake za mbewu. Amalonda atatu aja sadaoneke. Mvula idagwa kachiwiri, idagwa kachitatu, udzu udayamba kumera m'mizere yopanda kanthu. Aliyense ankadziwa kuti sabata ina ikadutsa, chaka chapita. Ndipo poyang'ana wolakwa, maso onse ankagwera pa Njiri, amene adayamba kutsitsa mbewu.

Adali Nungu amene adamulozera njira. "Amalonda atatu sindinawaonepo. Ndinaona nkhalamba imodzi, ndipo masiku onse inkawolokera kutsidya."

Njiri adawoloka mtsinje, madzi ali m'khosi. Adafika panyumba ina, chitseko chili chotsegula, utsi ukutuluka. Kudenga konse kudali chimanga cha mbewu, chomangidwa bwino, cha mudzi uliwonse pachokha. Pakhonde padakhala nkhalamba, ndipo pambali pake, pamphasa yoyala, padakhala Bilimankhwe.

"Takulandirani, apongozi. Awa ndi mayi anga."

Njiri adapuma mwamphamvu, n'kutula mikanda pansi. "Ndabweretsa yonse. Ndipatseni mbewu."

"Mikanda ndi yanu, apongozi. Munagula nokha. Kaibzaleni."

"Musandiseke. Mvula ikupita. Mukufuna chiyani? Minda? Mubwerere kumudzi? Bwererani lero lomwe."

"Kuti chaka chamawa ndidzapindenso mphasa? Ayi. Mtengo wake ndi umodzi. Ndikupempha chitengwa. Mkazi wanga ndi ana anga adzakhale kuno. Mukavomera, mbewu yonseyi ibwerera kwa eni ake lero, yanu ndi ya midzi inayo, popanda munga kapena mkanda."

Njiri adayankha ndi mawu otsika. "Ana aja ndi mbumba yanga. Ndi magazi a mlongo wanga. Ndikadzadwala adzandipatsa madzi ndani?"

"Mtsinje ndi womwewu, adzawoloka. Ine ndiye munafuna kuti ndisadzawolokenso."

"Nanga Nankhwali mwini wake akakana?"

"Anakonola ndani, apongozi?"

Njiri adayang'ana kudenga, adayang'ana mitambo. Adaganiza za minda yopanda kanthu ndi maso a midzi yonse ija. Adati wavomera, ndipo ankhoswe adzamva mawu omwewo pakamwa pake. Atatero adatambasula dzanja kuti ayambe kumasula mbewu. Apa nkhalamba ija idalankhula.

"Bambo, nyumba ino ndi yanga. Kwathu kuno wopempha mbewu sapempha chiimire."

Njiri adali asanagwadirepo aliyense chibadwire, ngakhale mfumu ankangoiweramira. Adapinda bondo limodzi, kenako linalo, pamatope, pamaso pa mkamwini amene adamuthamangitsa. Adawomba m'manja n'kupempha mbewu ndi mawu onse aulemu, ndipo nkhalambayo sidamufulumizitse.

Madzulo omwewo mbewu idawoloka kupita kwa eni ake. M'mawa mwake Nankhwali adawoloka kupita kwa mwamuna wake, mwana wina kumbuyo, wina padzanja, mtondo pamutu. Bilimankhwe adawachingamira pagombe, ndipo akuti tsiku limenelo lokha adathamanga.

Njiri adabzala mochedwa, koma chimanga chidamera ndipo mbumba idakolola. Chokhacho, pabwalo pomwe ankasewera ana aja padali zii, ndipo Njiri ankati akakhala pansi kuti adye, amakumbukira kuti chakudyacho adachipempha. Mawondo ake adazolowera. Mpaka lero mukamuona njiri akudya, muyang'ane miyendo yakutsogolo. Amayamba wagwada.

Yanga yathera pamenepa. Amene munaika mbatata pamoto, musandifunse ine ngati yapserera.